Pamene Matenda a Mwana Akuchokera kwa Womusamalira

Mwana wa miyezi 8 sanena pamene pakumupweteka. Akafika naye ku chipatala woyankhula amakhala mayi ake, ndipo zambiri zimene dokotala amalemba m'kabuku ka kuchipatala zimachokera pakamwa pa mayiyo: tsiku limene thupi linayamba kutentha, kuchuluka kwa masanzi, nthawi imene mwana anakhala chikomokere, ndi mankhwala amene wamwa kale kunyumba. Kuno ku Blantyre udindo wa mayi suthera pa kufotokoza. Aliyense amene anagonapo m'wodi ya ana ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, akudziwa kuti gadiyani ndiye amadyetsa mwana, kumusambitsa, kumumwetsa mapiritsi amene namwino wapereka, kuyang'anira diripi, ndi kuthamangira anamwino usiku zinthu zikasintha. Anamwino ndi ochepa ndipo ana ndi ambiri, choncho chipatala chimaona mwana kudzera m'maso a mayi ake. Dongosolo limeneli limapulumutsa ana tsiku ndi tsiku, chifukwa pafupifupi mayi aliyense amanena zoona, ndipo kawirikawiri amazindikira kuti mwana wayamba kufooka dokotala asanaone kanthu.

Komabe madokotala a ana amadziwa kuti alipo osamalira ana owerengeka amene amadyera masuku pamutu kukhulupiriridwa kumeneku, n'kumavulaza mwana yemwe anthu amaona ngati iwo akumumenyera nkhondo. Ena amangopeka kapena kukokomeza, kunena kuti mwana wakomoka usiku pamene anagona tulo tabwino, kapena kuti wakhala akusanza magazi pamene sanasanze. Ena amapanga umboni wabodza, monga kudontheza magazi awo pa thewera kapena mu mkodzo wopita ku labotale, ngakhale kusintha zimene dokotala analemba. Gulu loopsa kwambiri ndi la amene amadwalitsa mwana ndi manja awo, pomupatsa mankhwala osayenera, pomumana chakudya, kapena pomutseka mpweya mpaka atalefuka, kenako n'kukuwa kuitana anamwino kuti adzamutsitsimutse.

Munthu amene anayamba kulemba za khalidweli momveka bwino ndi Roy Meadow, dokotala wa ana wa ku Leeds m'dziko la England, mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1977. Iye analitcha Munchausen syndrome by proxy, potengera dzina limene Richard Asher anapereka mu 1951 kwa akuluakulu amene amayendayenda m'zipatala akudzipekera matenda. Meadow anafotokoza za ana awiri. Woyamba anali mtsikana amene mkodzo wake unkapezeka ndi magazi ndi tizilombo mosadziwika bwino, ndipo anayezedwa ndi kupatsidwa mankhwala ambirimbiri kwa nthawi yaitali. Chinsinsi chinaululika pamene achipatala anayerekeza mkodzo wotengedwa anamwino akuyang'anira ndi wotengedwa ndi mayi yekha, n'kupeza kuti woyambawo unali wabwinobwino pamene winawo mayi ankausakaniza ndi wake. Wachiwiri anali mnyamata wamng'ono amene magazi ake ankapezeka ndi mchere wochuluka modabwitsa, amene ankachira akakhala m'chipatala n'kudwalanso akabwerera m'manja mwa mayi ake, ndipo pamapeto pake anamwalira. Ndimaona kuti nkhani ziwirizi zili kale ndi phunziro lonse la momwe khalidweli limazindikirikira. Meadow sanayambe ndi kuyang'ana nkhope ya mayi kapena kufufuza mtima wake, koma anaona kuti zimene zikunenedwa sizikugwirizana ndi zimene thupi la mwana likuonetsa.

Patapita zaka 20, dokotala wina wa ku England, David Southall, anasindikiza zimene gulu lake linapeza litaika makamera obisika m'zipinda za chipatala momwe munagonekedwa ana amene ankakomoka ndi kusiya kupuma mobwerezabwereza. Mwa ana 39 amene anayang'aniridwa chotero, 33 anaoneka akuzunzidwa, ambiri mwa iwo potsekedwa mpweya ndi kholo lawo. Njira ya makamerayi inadzutsa mkangano waukulu, chifukwa inkatanthauza kudikira kuti mwana avulazidwenso kuti umboni upezeke, koma inathetsa mtsutso wa anthu amene ankati kholo silingachite zotere.

Khalidweli si lofala, ndipo mfundo imeneyi iyenera kukhala m'mutu mwa wowerenga mpaka kumapeto. Kafukufuku wa ku Britain ndi Ireland amene anatuluka mu 1996 anapeza pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 200,000 osakwana zaka 16 pachaka, ndi pafupifupi 3 mwa ana 100,000 osakwana chaka chimodzi, kuphatikizapo odyetsedwa poizoni ndi otsekedwa mpweya mwadala. Mu 2017 Gregory Yates ndi Christopher Bass anasonkhanitsa nkhani 796 zolembedwa m'magazini a zachipatala, ndipo anapeza kuti mwa ochita zimenezi oposa 95 mwa 100 aliwonse anali mayi ake a mwanayo, pafupifupi theka anali ogwirapo ntchito yokhudza zaumoyo, ndipo ana 7 kapena 8 mwa 100 aliwonse anamwalira. Ziwerengerozi zimachokera makamaka ku mayiko a ku Ulaya ndi America, ndiponso ku nkhani zoopsa zimene madokotala anaona kuti n'zoyenera kulembedwa, choncho siziyenera kukokeredwa ku Ndirande kapena ku Bangwe ngati kuti zinawerengedwa komweko. Kuchuluka kwa amayi pa chiwerengerocho sikusonyeza kuti akazi ndi ankhanza kuposa amuna. Amayi ndiwo amakhala pafupi ndi bedi la mwana, ndipo ndiwo amafunsidwa mafunso ndi dokotala.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti munthu angachitirenji zimenezi kwa mwana amene anamubereka yekha. Akatswiri a matenda a maganizo amati ambiri amafuna ulemu ndi chifundo zimene kholo la mwana wodwala limalandira. Mayi amene kunyumba sawerengedwa amapeza kuti m'chipatala madokotala amamumvetsera, anamwino amamuyamikira kuti ndi wopirira, amvano kapena azimayi a bungwe la ku mpingo amabwera kudzamuona ndi phala ndi pemphero, ndipo mwamuna amene anasiya kuyankha foni amaimba yekha. Kwathu kuno sindingasiye nkhani ya ndalama. Bambo amene ali ku Johannesburg akhoza kukhala miyezi osatumiza kanthu, koma akamva kuti mwana wagonekedwa ndalama imafika tsiku lomwelo. Chithunzi cha mwana ali pa diripi chikaikidwa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp pamodzi ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, anthu achifundo amasonkha. Mabuku a madokotala a maganizo amasiyanitsa munthu wonama pofuna phindu looneka ndi wonama chifukwa cha njala ya mumtima yofuna kusamalidwa, koma kwa mwana kusiyanaku kulibe ntchito, popeza singano imamupweteka chimodzimodzi. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a ana ku Britain, Royal College of Paediatrics and Child Health, m'malangizo ake a mu 2021 limatsindika kwambiri za kuvulala kwa mwana kusiyana ndi kufufuza cholinga cha kholo.

Chimene chimapweteka kwambiri anthu a chipatala akazindikira nkhani yotere ndi chakuti mbali yaikulu ya kuvulala kwa mwanayo inadzera m'manja mwawo. Dokotala amene wauzidwa kuti mwana wakomoka thupi likutentha amayenera kuganizira za malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo akhoza kulamula kuti atengedwe madzi a pamsana. Wouzidwa kuti kukomokako kukubwerezabwereza amayambitsa mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, amene amagonetsa mwana ndi kumufooketsa m'kalasi. Mitsempha imabayidwa kufikira itasowa, maantibayotiki amasinthidwa kupita ku amphamvu, ndipo m'mayiko ena ana achitidwapo maopaleshoni ndi kuikidwa machubu odyera popanda matenda alionse. Mwanayo amajomba kusukulu, amaletsedwa kusewera mpira ndi anzake, ndipo akamakula amayamba kukhulupirira yekha kuti ndi wodwaladwala. Akafunsidwa amabwereza zimene wakhala akumva mayi ake akuuza madokotala, ndipo amawaikira kumbuyo, pakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Munthu asadabwe kuti mwana wa zaka 10 sanaulule kanthu.

Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi kusagwirizana kwa nkhani ndi thupi. Mayi akuti mwana wakhala akusanza chilichonse kwa sabata yathunthu, koma pa sikelo sanatsike, maso sanalowe, ndipo akusewera pa bedi. Akuti amakomoka kangapo patsiku, koma kwa masiku onse amene wagona m'wodi palibe namwino kapena gadiyani wina amene waonapo, ndipo aphunzitsi ake sanaonepo kanthu kusukulu. Zizindikiro zimayamba nthawi zonse munthu mmodzi yekhayo ali pafupi, ndipo mwana amapeza bwino pamene munthuyo wapita kunyumba kukasintha zovala n'kusiya agogo kapena azakhali. Zotsatira za ku labotale zimabwera zosamveka kwa dokotala wodziwa ntchito, monga shuga wotsika mobwerezabwereza popanda chifukwa, mchere wokwera kuposa mmene kutsegula m'mimba kungaukwezere, kapena tizilombo ta m'chimbudzi topezeka m'magazi a mwana amene ali ndi kanyula pamkono. Mankhwala amene amathandiza ana ena onse amakanika, ndipo vuto limodzi likangotha limatuluka lina latsopano tsiku loti atulutsidwe.

Pali zizindikiro zina zimene zimatchulidwa kwambiri pa intaneti, zokhudza khalidwe la mayiyo, ndipo ine sindizikhulupirira kwenikweni. Amati mayi wotere amadziwa mayina ovuta a mankhwala, amazolowerana ndi anamwino, sachoka pafupi ndi mwana, ndipo amakakamira kuti apimidwenso. Koma pitani mukacheze ndi mayi amene mwana wake ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell kapena matenda a mtima, mudzapeza kuti amadziwa mlingo wa magazi a mwana wake, amatchula mankhwala onse pamtima, amadziwa anamwino ndi mayina awo, ndipo amalimbana ndi dokotala watsopano amene sakumumvetsa. Ameneyo ndi mayi wabwino amene matenda amuphunzitsa. Ndinakhalapo gadiyani wa mwana wa mchemwali wanga, ndipo ndinaona kuti mayi amene anamwino ankamutcha wovuta ndiye anali kulondola pa za mwana wake. Pa zizindikiro zonse za khalidwe, chimodzi chokha ndicho chimandiimitsa, ndicho cha kholo limene limakhumudwa ndi uthenga wabwino. Dokotala akanena kuti, "Amayi, zotsatira zonse zili bwino, mwanayu alibe vuto," mayi wodera nkhawa amapuma, ngakhale atafunsanso kawiri kuti atsimikize. Amene amakwiya, n'kunyamula mwana kupita naye ku chipatala china kukayambiranso nkhani yomweyo ngati kuti sanayezedwepo, ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa, ngakhale kuti zimenezinso pazokha si umboni.

Kuyenda m'zipatala kumeneku n'kosavuta mumzinda wathu. Munthu akhoza kuyamba ku chipatala chaching'ono cha ku Zingwangwa, sabata yamawa n'kupita ku Limbe, kenako ku kiliniki yolipira ya m'tauni, pambuyo pake ku Mlambe ku Lunzu, ndipo pomaliza n'kufika ku Gulupu ndi kalata yomutumiza. Mbiri ya mwana imasungidwa m'kabuku kamene kholo limayenda nako, ndipo kabuku katsopano kamagulidwa ndi ndalama yochepa. Dokotala aliyense amaona chidutswa chake chokha, ndipo zimene woyamba analemba monga mawu a mayi, wachitatu amaziwerenga ngati matenda otsimikizika. Mawu akuti "akuti amakomoka" akadutsa m'manja atatu amasanduka "wodwala khunyu". Apa mpamene cholembera cha dokotala kapena namwino chingateteze mwana, polemba momveka kusiyanitsa zimene wauzidwa ndi zimene waona ndi maso ake, ndi kutchula amene analipo pamene chinthucho chinkachitika. Kabuku katsopano kokha sikayenera kuchititsa munthu kukayikiridwa, poti timabuku timanyowa, timadyedwa ndi makoswe, ndipo mabanja ambiri a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche anataya zonse pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chokayikitsa ndi mwana amene ali ndi timabuku tingapo togwira ntchito nthawi imodzi, kalikonse ndi nkhani yakeyake.

Zipatala zathu zili ndi chinthu chimodzi chimene madokotala a ku Ulaya alibe. Kumeneko mayi ndi mwana nthawi zina amapatsidwa chipinda chawochawo chotseka. Kuno mabedi amayandikana, nthawi zina ana awiri amagona bedi limodzi, ndipo magadiyani amagona pansi moyandikana, kuphika pamodzi ndi kusungirana ana wina akapita kukasamba. Amayi amenewa amaona zambiri kuposa wina aliyense wa yunifolomu. Amadziwa amene sapereka chiponde kwa mwana, amene amamwetsa mwana zinthu za m'kabotolo usiku, ndi mwana amene amadya bwino akapatsidwa phala ndi munthu wina. Vuto ndi lakuti kawirikawiri safunsidwa, ndipo iwo amaopa kuoneka akazitape kapena kuyambana ndi mnzawo wa pa mphasa. Namwino wanzeru amene amapatula gadiyani wa bedi loyandikana n'kumufunsa mofatsa kuti, "Amayi, usiku wathawu mwana wa anzanuwa atakomoka inu munaona chiyani?" akhoza kumva zimene labotale singamuuze. Koma mawu a m'wodi amakhalanso ndi nsanje ndi miseche, choncho ayenera kulembedwa monga umboni wa munthu mmodzi, wofunika kuuyerekeza ndi zina.

Pali zinthu zofanana ndi khalidweli zimene si ilo ayi, ndipo kwathu kuno ndizo zambiri. Mayi amene wamwetsa mwana mankhwala a kwa sing'anga, kapena amene anagula mapiritsi pa golosale n'kupitiriza mlingo, kawirikawiri amakana akafunsidwa, chifukwa amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Ameneyo wabisa zoona, koma cholinga chake chinali kuchiritsa mwana, ndipo akafunsidwa mwaulemu amaulula. Mayi amene anatayapo mwana ndi malungo amathamangira ku chipatala thupi likangofunda pang'ono, ndipo akhoza kukokomeza pofuna kuti asabwezedwe ndi panado yekha. Ameneyonso akufunika kumvetseredwa ndi kulimbitsidwa mtima. Alipo amayi amene amadwala matenda a nkhawa kapena kukhumudwa atangobereka, amene amakhulupiriradi kuti khanda lawo likudwala. Alipo osauka amene amagawira ana onse chiponde cha mwana mmodzi wonyentchera chifukwa m'nyumba mulibe ufa. Pamwamba pa zonsezi pali matenda enieni osowa, amene amabwera n'kupita, ndipo zipangizo zowayezera sizipezeka msanga m'dziko muno. Kulephera kwa dokotala kupeza dzina la matenda sikutanthauza kuti mayi akunama.

Mabuku a ku Ulaya amanena kuti imfa ya m'bale wake wa mwanayo ndi chizindikiro chachikulu. Kumeneko ana osapitirira 5 mwa 1,000 ndiwo amamwalira asanakwanitse zaka 5, choncho imfa ziwiri m'banja limodzi zimadzutsa mafunso. Ku Malawi kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 63 mwa 1,000 aliwonse. Mayi amene anaika ana awiri m'manda si wachilendo m'midzi ndi m'makwalala athu, ndipo kumuyang'ana ndi diso lokayikira chifukwa cha maliro akewo ndi nkhanza ina.

Ngakhale ku England komweko kuganiza kotereku kunawononga anthu osalakwa, ndipo mmodzi mwa ochititsa anali Meadow yemwe uja. Mu 1999 loya wina wamkazi, Sally Clark, anapezeka wolakwa pa mlandu wopha ana ake aamuna awiri amene anamwalira ali makanda. Meadow, monga mboni ya ukatswiri, anauza khoti kuti mwayi woti ana awiri a banja lotere amwalire mwadzidzidzi mwachilengedwe unali umodzi mwa 73 miliyoni. Akatswiri a masamu a bungwe la Royal Statistical Society anatsutsa poyera kawerengedwe kameneka mu 2001, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti zotsatira za ku labotale zosonyeza kuti mmodzi mwa anawo anali ndi tizilombo toyambitsa matenda sizinaperekedwe ku khoti. Mayiyo anamasulidwa mu Januwale 2003 atakhala m'ndende zaka zoposa 3, ndipo anamwalira mu 2007 asanachire m'maganizo. Ku Australia, Kathleen Folbigg anakhala m'ndende zaka 20 pa imfa za ana ake 4, kufikira asayansi atapeza kuti ana ake aakazi awiri anali ndi vuto la chibadwa lokhudza kagundidwe ka mtima. Anakhululukidwa mu Juni 2023, ndipo khoti linafafaniza mlandu wake mu Disembala chaka chomwecho. Milandu imeneyi inali ya kupha, koma muzu wake ndi womwewo, wa katswiri amene wazolowera kuona nkhanza mpaka kuiona paliponse pamene sakumvetsa.

Ngati zimenezi zinachitika m'makhoti okhala ndi maloya ndi ma labotale, ife tiyenera kuchita mantha koposa, chifukwa tili kale ndi mlandu wokonzeka umene timapachika pa munthu amene ana ake amadwaladwala. Timati walodza, kapena wakhwimira ana ake kuti bizinesi imuyendere. Mawu amenewa akangotuluka safuna umboni, ndipo chigamulo chake chimaperekedwa ndi gulu la anthu okwiya. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba 4 anaphedwa ndi anthu a m'mudzi powaganizira kuti ndiwo anachititsa imfa ya mtsikana amene anawombedwa ndi mphenzi, ngakhale kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndimaopa kuti nkhani ngati ino ikhoza kupereka dzina latsopano lachizungu kwa apongozi amene amadana kale ndi mkamwini kapena mtengwa wawo, kapena kwa mwamuna amene akufuna kulanda ana pa mlandu wa chisudzulo. Kuzindikira khalidweli si ntchito ya m'bale, mnansi kapena gulu la WhatsApp. Ngakhale dokotala mmodzi payekha sayenera kugamula.

Njira yoyenera ndi yochedwa komanso yotopetsa. Dokotala mmodzi wamkulu wa ana amatenga udindo wa mwanayo, n'kusonkhanitsa timabuku tonse ndi mafayilo a zipatala zonse kumene anapitako, ndi kulemba mndandanda wa zochitika motsatira masiku, kusonyeza chimene chinanenedwa, amene ananena, chimene chinapezeka poyeza, ndi amene analipo. Amafunsa bambo payekha, agogo, ndi aphunzitsi. Pa nkhani ya kukomoka, foni ya m'manja yathandiza kwambiri, chifukwa banja likhoza kupemphedwa kujambula kanema mwana akagwa, ndipo makolo oona amachita zimenezi mosavuta. Zoyeza zimatengedwa ndi namwino mwini, mankhwala amaperekedwa namwino akuona, ndipo kuyeza kopweteka kumene kulibe chifukwa chomveka kumaimitsidwa. Ngati nkhani ndi ya kukokomeza chabe, madokotala amakhala pansi ndi makolo onse awiri n'kuwauza mosabisa zimene apeza ndi zimene sanapeze, ndi kugwirizana njira yobwezera mwana kusukulu ndi ku moyo wa masiku onse. Koma pakakhala chifukwa choganizira kuti wina akudwalitsa mwana ndi manja, kumufunsa maso ndi maso musanateteze mwanayo n'koopsa, chifukwa akhoza kuthawa naye usiku kapena kumuvulaza kwambiri pofuna kutsimikiza kuti matendawo ndi enieni. Zikatero gadiyani amasinthidwa, kapena mwana amasamutsidwira pa bedi loyang'anizana ndi tebulo la anamwino, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amadziwitsidwa msanga.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo kwa achipatala, achibale ndi ena osamalira ana wodziwitsa ofesi imeneyi kapena apolisi akakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, ndipo khoti la ana likhoza kulamula kuti mwana asungidwe pamalo otetezeka. Ku Gulupu kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro amagwirira ntchito pamodzi pa nkhani za nkhanza, ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa aliyense wofuna kunena za mwana amene ali pa chiopsezo. M'bale amene waona chinthu chomudetsa nkhawa achite bwino kupempha kuonana ndi dokotala kapena sisitala wa wodiyo pambali, n'kunena zimene anaona ndi maso ake, tsiku lake ndi nthawi yake, osaonjezera zimene akuganiza. Kunena kuti, "Adokotala, mwanayu amakhala kwa ine loweruka lililonse, ndipo sindinamuonepo akukomoka," kumathandiza kwambiri kuposa kunena kuti mlamu wanu ndi wabodza. Kwa osonkha ndalama pa intaneti, si kupanda chifundo kufunsa wodi imene mwana wagona, kupempha kalata ya dokotala, kapena kulipira mwachindunji ku chipatala ndi ku famase m'malo motumiza pa foni ya munthu.

Mayi amene wapezeka kuti anachitadi zimenezi amakhala ndi mlandu woyankha, koma kawirikawiri amakhalanso wodwala. Yates ndi Bass anapeza kuti pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse anazunzidwapo ali ana, ndipo chiwerengero chofanana nacho ankadzipekeranso matenda iwo eni. Ambiri amakana mpaka kalekale ngakhale umboni uli patebulo, ndipo madokotala amaona kuti kubwezera mwana kwa kholo limene silinavomereze n'koika moyo wake pachiswe. Amene wavomereza akhoza kuthandizidwa ndi akatswiri a matenda a maganizo, omwe amapezeka ku Gulupu ndi ku chipatala cha ku Zomba, ngakhale chithandizo chake chimatenga nthawi yaitali ndipo banja lonse liyenera kutengapo mbali.

Mwanayo ntchito yake imayamba pamene ena akuona ngati nkhani yatha. Mankhwala a khunyu amene wamwa kwa zaka sasiyidwa tsiku limodzi, koma amachepetsedwa pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira, chifukwa kuwadula mwadzidzidzi kukhoza kuyambitsa kukomoka kwenikweni. Matenda olembedwa molakwa m'kabuku ayenera kufafanizidwa ndi dokotala ndi kusainidwa, kuti wachipatala wina asadzawayambitsenso. Aphunzitsi ayenera kuuzidwa kuti mwanayo akhoza kuthamanga, kusesa ndi kudya phala la kusukulu monga anzake, ndipo iye mwini afotokozeredwe m'mawu a msinkhu wake kuti thupi lake ndi labwino, popanda kumuchititsa kudziona wolakwa pa zimene zachitikira mayi ake. Ana ena onse a m'nyumbamo, makamaka wamng'ono kwambiri, ayenera kupimidwa nawonso ndi kuyenderedwa ndi a zachisamaliro, chifukwa zalembedwa kambiri kuti mwana mmodzi akachotsedwa, khalidweli limasamukira kwa mng'ono wake.